Ulendo wa ku Namuli ndi Ana Anga Osalankhulana

Tazimitsani kaye mafoni anuwo, ana inu. Iwe Tadala, ndati uzimitse, osati kungoigoneka chafufumimba pamphasa ngati ine sindikuona. Nawenso Yamikani, chotsa kachingwe kali m'khutuko. Kuyambira m'mawa mwakhala mukukalipirana pakhonde panga pano, wina akuti munthu anachita kuumbidwa ndi dothi, wina akuti ayi, zamoyo zonse zinayambira m'madzi n'kumasintha pang'onopang'ono. Nkhuku zomwe zasamukira kuseri. Nandolo amene ndinakupatsani kuti musankhe ali momwe ndinamusiyira, anankafumbwe akungoyendamo mwaufulu.

Chimene chikundipweteka mutu n'chakuti mukuyesa nkhani imeneyi mwaitola lero mu foni. Mkangano umenewu ine ndinaupeza, ndakula nawo, ndakalamba nawo, ndipo unangotsala pang'ono kundiphwasulira banja. Komanso taonani zodabwitsa zake. Tadala, mwana wa mphunzitsi wa sayansi, ndiye wagwira Baibulo. Yamikani, mwana wa abusa, ndiye akutiuza za mafupa okumbidwa pansi. Abambo anu akanakumvani bwenzi aliyense akufunsa ngati anamwino sanamusinthire mwana. Khalani pansi, kokerani lichero pafupi, manja azigwira ntchito makutu akumva. Ndikamawatchula maina abambo anuwo musadabwe, ndinawabereka ndine.

Ine ndinamenyedwapo chifukwa cha funso lomweli ndili kamtsikana. Agogo anga, amayi a mayi anga, anabwera kuno wapansi kuchokera ku Mozambiki, masiku amenewo tinkangoti kwa Apwitikizi. Anathawa ntchito yokakamiza, mwana kumbuyo, mtsuko pamutu, mbewu za kalongonda atazimanga pansonga ya nsalu. Inu kalongonda mumamunyoza, mumati amatha nkhuni. Eetu amatha nkhuni, ndipo ukathamangira kudya usanataye madzi ake kangapo umazungulira mutu ngati woledzera, koma ndi amene anasunga anthu ndi moyo m'zaka za njala. Agogowo Chichewa ankachilankhula mothyokathyoka. Akamapera mapira pamphero ankatiuza m'Chilomwe kuti anthu onse, akuda ndi oyera omwe, anatuluka m'phanga la paphiri la Namuli, ndipo mapazi awo adakali pamwala mpaka lero.

Tsiku lina kusukulu ya mishoni, tili pansi pa mtengo wa mango, masileti pamiyendo, aphunzitsi anafunsa kuti, "Kodi munthu woyamba ankakhala kuti?" Ine dzanja m'mwamba, kunyada konse. "Ku Namuli!" Anandikwapula m'manja ndi kabango mpaka pensulo inandikanika kugwira. Nditafika kunyumba ndikulira, agogo anayang'ana manjawo n'kunena kuti, "Kusukulu uzinena Edeni, kuno uzinena Namuli." Ndinafunsa kuti nanga zoona ndi ziti. Anandipatsa mtsuko kuti ndikatunge madzi. Sukuluyo sindinapite nayo patali, ndipo ndinkayesa kuti ndasiyana nalo funsolo. Sindinadziwe kuti likundidikira m'nyumba yanga yomwe.

Agogo anu aamuna, a Simoni, simunawadziwe bwino. Anali telala pa Migowi, pakhonde la sitolo, ndi makina awo opalasa ndi mapazi. Migowi ya nthawi imeneyo si ino yodzaza maminibasi ndi anyamata a kabaza okuitana ngakhale sukupita kulikonse. Basi ikakusiya, unkavula nsapato n'kuyamba kuyenda. A Simoni anali mkulu wa mpingo, munthu wosamwa, wosamenya mkazi, wosadya yekha mlendo ali pakhomo. Koma akanena chinthu ankakhala atanena, ngakhale aone okha kuti chawapweteka. Munda wathu wa chimanga unali cha kumunsi kwa phiri la Michesi, ndipo chimanga chikayamba kukhwima ankatseka makina n'kumakhalira kumundako ndi legeni ndi chitini choomba, kuthamangitsa anyani. Panalibe cholengedwa chimene ankadana nacho kuposa nyani.

Fanuel, mwana wanga woyamba, bambo ake a Tadala, ndiye anayamba m'mudzi muno kusankhidwa kupita ku sekondale. A Simoni anamusokera okha yunifolomu, anamusenzera sutikesi mpaka pasiteji, n'kumauza aliyense wodutsa kuti uyu ndi wanga. Lameki, bambo ake a Yamikani, anali akadali ku pulayimale, mwana wa nthabwala, wokonda kuimba, manja osakhazikika.

Patchuthi china cha Pasaka Fanuel anabwera ndi buku la kusukulu. Tinali pamphasa masana tikudya makaka ndi nandolo, a Simoni atangofika kumene kuchokera kumunda, thukuta lili kamukamu, anyani atawathyolera mizere ingapo. Lameki anatsegula bukulo n'kupeza chithunzi. Kumbuyo nyani wokwawa, kutsogolo kwake wina woweramira, kenaka wina wowongokako, mpaka womaliza munthu weniweni atanyamula mkondo.

"Bambo, taonani nyani akusanduka munthu!"

A Simoni anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Fanuel, ichi n'chiyani?"

Mwanayo akanangoti ndi za mayeso, bwenzi zitathera pomwepo. Koma mwana wa sekondale, mawu atangoyamba kumene kukula, anakhala tsonga n'kuyamba kuphunzitsa bambo ake. "Si kuti tinachokera kwa nyani ayi, bambo. Ife ndi anyani kholo lathu ndi limodzi, kalekale kwambiri. Asayansi anapeza mafupa."

"Ndiye kuti amene andithera chimanga kuphiriku ndi abale ako?"

"Tinganene kuti ndi azisuweni akutali."

Ine ndinaseka, ndinkayesa ndi nthabwala. A Simoni sanaseke. Anakokera mbale ya ndiwo kwa iwo. "Ine ndinalengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Sindidyera mbale imodzi ndi nyani. Amake Fanuel, mupatseni yake akadyere uko."

Ndinayesa kuwapepesa. Ndinati ndi mwana uyu, wangonena zimene aphunzitsi amuuza, monga inenso ndinanenera za agogo anga. Anati abweze mawuwo. Fanuel anati sangabweze chifukwa sananame. Bambo mutu wouma, mwana mutu wouma, ine pakati ndi mbale ziwiri. Kuyambira tsiku limenelo mpaka a Simoni kumwalira, awiriwo sanapisenso dzanja m'mbale imodzi. Ankalankhulana, inde, za feteleza, za malata, za odwala, koma ikafika nthawi ya chakudya aliyense kwake. Ndipo Lameki anayamba kumutchula mkulu wake kuti a Nyani. Poyamba kunali kuseka kwa ana. Koma dzinalo linatuluka m'nyumba, linafika kubwalo la mpira, linalowa mpaka m'tchalitchi.

Umvetsetse apa, Tadala. Bambo ako sanakane Mulungu tsiku limenelo. Anapitirizabe kupemphera, ankaimba nawo kwaya. Ankandiuza kuti, "Amayi, Mulungu akhoza kulenga pang'onopang'ono, akuthamangira kuti?" Anasiya atatopa ndi anyamata odzikanda m'khwapa iye akamadutsa. Atasiya ndiye anauma zenizeni, n'kumati zonse za kutchalitchi ndi nthano zoopsezera ana. Nawe Yamikani, usamwetulire. Bambo ako sanabadwe ali m'busa. Mayeso a sitandade eyiti analemba mobwereza osasankhidwa, mkulu wake akubwera patchuthi ndi nsapato ndi Chizungu. Kutchalitchi ndi kumene anthu ankatchera khutu iye akamalankhula, ndiye anakakamira komweko.

Chaka chimene madzi ndi miyala zinatsika ku Michesi n'kukokolola midzi, tinataya anthu amene ndinkawadziwa ndi maina. Mukuganiza kuti awiriwa anakhala chete? Tili pakati pa matope, Lameki akuti ndi mkwiyo wa Mulungu, Fanuel akuti ndi mvula yochuluka imene yamasula dothi paphiri, nkhalamba zikuti wadutsa Napolo. Ndinawaponyera makasu. Ndinati amene ali pansi pa matopewa sakufunsa zimenezo, kumbani. Anakumba, koma wina uku, wina uko.

Fanuel anadzakhala mphunzitsi wa sayansi pasekondale ina cha ku Boma. Lameki anakwatira ku Jenala, n'kukhala m'busa wa mpingo waung'ono, tchalitchi chofolera udzu poyamba. Ankakumanabe pakhomo pano, kulumana pang'ono, aliyense n'kubwerera kwake. Zinafika poipa pamaliro a bambo awo.

A Simoni anadwala nthawi yochepa m'dzinja. Fanuel ndiye anawatengera kuchipatala, ndiye ankawatembenuza, kuwasambitsa, kuwameta ndevu. Zonsezo ankalola. Koma phala ankalandira kwa ine ndekha. Fanuel akabweretsa supuni, iwo ankatseka pakamwa n'kuyang'ana kukhoma. Tsiku loika maliro, bokosi lili pabwalo apa, anthu atadzaza mpaka kumsewu, Lameki anapatsidwa mpata woti alankhule m'malo mwa ana. Anayamba bwino, kuthokoza obwera, kuthokoza adzukulu okumba manda. Kenaka ulaliki unamugwira.

"Bambo athuwa akudziwa kumene akupita, chifukwa ankadziwa kumene anachokera. Koma alipo ena pano amene makolo awo ali m'mitengo. Amenewo tsiku lawo likadzafika, sitikudziwa kuti tidzawaimbira nyimbo yanji."

Ena anaseka. Pamaliro! Fanuel anali atakhala pafupi ndi bokosi. Anaimirira, anakonza jekete, anadutsa pakati pa anthu, anakakwera kabaza pamsewu. Kumanda sanafike. Ine ndili pamphasa pakati pa amayi, atandigwira mbali zonse, sindikanatha kumuthamangira.

Zaka zotsatirazo zinandikalambitsa kuposa khasu. Ana a mimba imodzi osapatsana moni. Aliyense asanabwere ankayamba waimba foni kwa oyandikana nane nyumba kufunsa kuti, "Kodi awo ali konko?" Pa Khirisimasi ndinkaphika kawiri, mpunga wa ku Chilwa lero wa aphunzitsi, mawa wa abusa, nkhuku ziwiri, ine mkazi wamasiye. Ndinaitanapo mlongo wanga, malume awo, kuti awayanjanitse. Anapita ku Boma kukamva mbali ina, anapita ku Jenala kukamva inayo, anabwera kuno ali ndi maganizo akeake a mmene dziko linayambira, n'kufuna kukangana ndi ine. Ndinamuuza kuti azipita.

Nditayamba kudwala kuthamanga kwa magazi ndiye zinanyanya. Fanuel ankabwera m'mawa ndi mapiritsi n'kundiuza kuti mapemphero satsitsa magazi. Lameki ankabwera dzuwa litapendeka, kundisanjika manja, n'kundiuza kuti ndisaike mtima pa mapiritsi. Ine mapiritsi ndinkamwa, ameni ndinkavomera, ndipo chimene chinkakweza magaziwo anali iwo omwewo.

Inu awiri munakula osadziwana. Simukukumbuka, koma tsiku lina pamsika wa Migowi ndinakuonani ndi maso angawa mukukankhana pachiwaya cha tchipisi. Tadala anali atabwera ndi amayi ake, Yamikani ndi anzake a kwaya. Wina kumutcha mnzake wakumudzi, winayo kuyankha kuti wonyada, osadziwa kuti magazi ndi amodzi. Ndinakhala pathumba la munthu n'kulira, mwini thumba kudabwa. Tsiku limenelo ndinati basi, zakwana.

Mukuwadziwa Che Amidu, aja ogula nandolo ndi mpendadzuwa pafupi ndi mzikiti. Masiku amenewo anali ndi lole, ankapita ku Gurue, ku Mozambiki, kukagula nyemba. Ndinawafunsa ngati phiri la Namuli amaliona kumeneko. Anati lili pamwamba pa tauniyo, ukadzuka umayamba kuona ilo. Ndinati ulendo wotsatira mundisungire malo. Kenaka ndinatumiza uthenga ku Boma ndi ku Jenala, mawu ofanana, kuti ndikupita ku Namuli kukaona kumene anthu anachokera, poti ana anga andisokoneza mutu. Musayese kuti ndinali ndi nzeru zakuya. Ndinkafuna kuona dziko la agogo anga ndisanafe, komanso ndinkafuna kuwapsetsa mtima monga ankandipsetsera ine.

Anafika tsiku limodzi, Loweruka m'mawa, makabaza awo atatsogozana. Palibe anafunsa ngati awo ali konko. Anaima pabwalo apa, wina pafupi ndi nkhokwe, wina pafupi ndi mpapaya, aliyense akulankhula kwa ine ngati mnzakeyo ndi chitsa.

"Amayi, zimenezo ndi zachikunja," anatero Lameki. "Mkazi wa mkulu wa mpingo, mayi wa m'busa, kukagwadira phiri? Akhristu anga adzati chiyani?"

"Ndani wanena zogwada? Mawondo ake ati?"

"Amayi, kulibe phanga lotulutsa anthu," anatero Fanuel. "Ndi nthano chabe. Komanso ndi magazi anuwo simungakwere phiri."

"Simungapite," Lameki.

"Zoona, simungapite," Fanuel.

Ndinaomba m'manja. "Ha! Lero mwagwirizana? Ndiye kuti chinkafunika n'chakuti mayi wanu akhale chitsiru, inu mukhale anzeru pamodzi. Ndikupita. Amene akuopa kuti ndikafera m'njira anditsate."

Lameki sakanalola kuti anthu adzanene kuti amayi anaperekezedwa ndi wosapemphera, m'busa ali kunyumba. Fanuel sakanalola kuti ndikakomoke m'manja mwa munthu woti angondipempherera mapiritsi ali m'thumba. Ndiye onse anakonza mapepala a pachipata. Ine kutsogolo ndi Che Amidu, iwo kumbuyo kwa lole pamatumba opanda kanthu.

Inu mukanena ulendo mumanena kukhala pampando wofewa n'kumajambula nkhope zanu. Uwu unali wa fumbi la chilimwe, lolowa mpaka m'mano. Tinazungulira phiri la Mulanje, tinaoloka pa Muloza, ku Milanje ndinadya buledi wa Apwitikizi, wolimba kunja koma wokoma mkati. Ndinkangoganiza kuti mtunda wonsewu agogo anga anauyenda wapansi, mwana kumbuyo, pamene ine pagalimoto msana ukundipweteka. Mpaka pachipata awiri aja anali chete, wina kuyang'ana kumanja, wina kumanzere. Titalowa msewu wa mabampu, kugundana mapewa kunawatsegula pakamwa. Ndinkamva pakazenera ka kumbuyo.

"Ngati munthu anachokera kwa nyani, bwanji anyani alipobe?"

"Ndanena kangati kuti si kwa nyani? Nanga mkazi wa Kaini anachokera kuti?"

"Musathawe funso. Moyo woyambawo anauyambitsa ndani m'madzimo?"

"Zimenezo akufufuzabe."

"Ehe! Simukudziwa!"

"Ife tikapanda kudziwa timavomera. Nanga inu abusa?"

Ndinapepesa kwa Che Amidu chifukwa cha phokosolo. Iwo anangoseka. "Asiyeni, mayi. Ife kumzikiti timati Adamu anaumbidwa ndi dongo, koma mwana wanga wa ku koleji amabwera ndi mafunso omwewa. Ndimamuuza kuti tidye kaye. Awatu akulankhulana, si zimene mumafuna?" Ndinati ndimafuna kulankhulana, osati kulumana. Anati, "Poyambira ndi pomwepo."

Phiri lija ndinaliona tisanafike, thanthwe lalikulu lotuwa lili njo pamwamba pa minda ya tiyi, mtambo utalizinga m'khosi. Sindinayembekeze kulira, koma ndinalira. Anthu a kumeneko nditawapatsa moni wa agogo anga, "Moseliwa," anandiyankha ngati ndinachoka dzulo. Chilomwe chimene ndinkayesa ndinaiwala chinangobwera chokha pakamwa. Ana anga awiri anangoima n'kumamwetulira, osatolapo kanthu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinapuma, poti analibe chotsutsa.

M'mawa mwake Che Amidu anapita kukagula nyemba, atatipezera bambo wina wa m'mudzi wa m'munsi mwa phiri woti atitsogolere. Tinapempha kaye kwa eni malo monga mwa mwambo wawo, Lameki nkhope itachita tsinya, kenaka tinayamba kukwera dzuwa lisanatenthe. Sindinafike patali. Ndinakhala pansi pakati pa njira.

"Tibwerere," onse awiri.

"Sindinabwere kuno kudzaona minda ya tiyi. Tiyi aliko ku Mulanje."

Wotitsogolera uja anadula mitengo iwiri, anaipisa m'thumba limene tinanyamuliramo kamba, anamangirira ndi chitenje changa, anapanga machila. Lameki kutsogolo, Fanuel kumbuyo. Machila, ana inu, sanyamulika ndi anthu osamvana. Wina akafulumira mnzake akuchedwa, wonyamulidwayo amapezeka pansi. Anandigwetsadi, m'tchire loyabwa, ndipo ndinawatukwana m'Chilomwe, mwayi sanamve. Titafika pokwera kwambiri ndinamva Lameki akuti, "Achimwene, kwezani pang'ono mbali yanuyo." Ndinatseka maso, ndinakhala ngati sindinamve. Mawu akuti achimwene ndinali ndisanawamve m'kamwa mwake chiyambire ali mnyamata.

Kuphanga sitinafike, ndipo mapazi a pamwala sindinawaone, musadzandinamizire ndikadzafa. Mtambo unatsika, wotitsogolera anati kutsogolo n'kutali, nkhalamba singafike. Ananditsitsa pamwala pafupi ndi kamtsinje kuti apume, onse ali thukuta lokhalokha, mapewa atasupuka. Tikumwa madzi, tinamva ngati munthu akukhosomola kumtunda. Pathanthwe panali anyani, gulu lonse, atakhala ndi ana awo, akutiyang'ana.

Ndinaona pakamwa pa Lameki pakugwedera. Ndinamuyang'ana ndi diso limene ndinkamuyang'ana nalo ali mwana akafuna kupisa dzanja mu shuga. Amene analankhula anali Fanuel.

"Nena, Lameki. Ukapanda kunena udwala."

"Sindinena kanthu, achimwene."

"Ndiye ndinene ndine. Amayi abwera kudzaona kwawo kwa makolo awo, ine ndapeza anga."

Lameki anaseka mpaka kutsamwa madzi, Fanuel nayenso, wotitsogolera akungodabwa kuti anthu a ku Malawi sanaonepo nyani. Koma kuseka kwa Fanuel kunasintha pakati. Anagwira kumaso. Munthu wa imvi, mphunzitsi wolemekezeka, kulira ngati mwana.

"Ukuyesa chinandipweteka ndi dzinalo? Bambo ndinawasambitsa ndi manja awa, koma anafa osalandira supuni ya phala kwa ine. Ndinati pamaliro ndikhale nawo pafupi komaliza. Iwe unandichotsapo."

Lameki anathyolathyola kaudzu. "Ndinalakwa, achimwene. Ndinadziwa ndisanakhale n'komwe pansi. Koma inunso, chibwerereni ku sekondale simunandifunsepo kanthu. Chilichonse ndinkanena munkachikonza. Paukwati wanga munauza alamu anga kuti ndinalowa za Mulungu chifukwa mayeso anandikana."

"Ndinatero?"

"Munatero."

"Ndiye ndinali nyanidi."

Ndinamasula kamba, chinangwa chophika ndi matemba, m'kambale kamodzi kamene ndinali nako, ndinaika pakati pawo. Anadya.

Musaganize kuti wina anatembenuka. Fanuel mpaka lero amaphunzitsa za mafupa akezo, Lameki amalalikira masiku asanu ndi limodzi a chilengedwe. Ineyo mukandifunsa, Lamulungu ndimapita kutchalitchi, mapiritsi ndimamwa, ndipo Namuli ndinaliona ndi maso. Zinazo ndikafunsa ndikafika kumene ndikupitako, poti ndatsala pang'ono, koma musayembekeze kuti ndidzabwera kudzakuuzani.

Tinabwerera titakhala pamwamba pa nyemba za Che Amidu, ndikunena iwowo, ine malo anga a kutsogolo sindinawasiye. Titafika pa Migowi, Fanuel sanapitirire ku Boma. Anagona kuno. M'mawa anati akufuna kuona pamene anagona bambo ake. Tinapempha kwa amfumu, tinalowa kumanda tonse atatu. Manda anali atakula, mitumbira yatsopano mbali zonse, udzu wouma wofika m'chiuno. Fanuel anatsogola mwachangu, kenaka anaima. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Anayenda pang'ono, anabwerera.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "sindikupadziwa."

Ndisanayankhe, Lameki anamugwira dzanja monga timagwirira mwana pooloka msewu, anamutsogolera kuseri kwa mtengo wa msuku.

"Ndi apa, achimwene. Mutu uli uku."

Anagwada onse awiri n'kuyamba kuzula udzu ndi manja. Atamaliza, Lameki anafunsa ngati angapemphere. Fanuel anati, "Pemphera, koma usalalikire." Linali pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinamumvapo mwanayo.

Potuluka, tisanafike n'komwe pamjigo, ndinamva ayambanso. Lameki akuti dziko si lakale monga amanenera a kusukulu, Fanuel akuti miyala ya ku Michesi yokha ikuposa zaka zonse za m'Baibulo kutalitali. Manja m'mwamba, mawu okweza, amayi otunga madzi akutembenuka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakalipire. Koma ndinaona kuti akuyenda phewa ndi phewa, njira imodzi, kulowera kunyumba kwanga. Ndinangochepetsa liwiro, ine ndi ndodo yanga m'mbuyo, kuti phokosolo lizindifika pang'ono.